Ofelia Bracamonte, Wothirira Akufa a ku Tres Pozos

Kwa zaka khumi ndi zinayi, Lachiwiri lililonse m'mawa ndinkafika pa Filiji ndi lole yanga ya thanki, ndipo munthu woyamba kukumana naye ankakhala mayi Ofelia Bracamonte, ataima pachipata, magolovesi aatali atawapana kukhwapa. Moni sankapereka. Ankayang'ana wotchi yawo, kenako n'kuyang'ana ine.

"Mwachedwanso, mdala. Anthu anga ali ndi ludzu."

Anthu awowo anali akufa. Nyumbayo inali ya bungwe lina losunga matupi a anthu m'chisanu choopsa, poyembekeza kuti tsiku lina madokotala adzapeza njira yowadzutsira n'kuwachiritsa matenda amene anawapha. Bungwelo linali ndi dzina lalitali, lolembedwa pakhoma ndi tizilembo tating'ono, koma ku Tres Pozos konse tinkangoti pa Filiji. Mkati munali matanki achitsulo makumi awiri ndi asanu ndi awiri, aatali kuposa chitseko, opangidwa ngati fulasiki ya tiyi. M'thanki iliyonse munkakhala anthu anayi, mitu pansi miyendo m'mwamba, omizidwa mu nayitrojeni wamadzi. Nayitrojeniyo amaphwa pang'onopang'ono, choncho pamafunika munthu wowonjezera. Ine ndinkabwera naye kuchokera ku fakitale ya kumzinda, mayi Ofelia n'kumuthira. Akuluakulu a bungwe ankatcha akufawo odwala. Mayi Ofelia ankangoti anthu anga.

Anabadwira kum'mwera kwa Arizona kuno, m'katauni ka mgodi wa mkuwa kufupi ndi malire, mwana wachinayi m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo awo ankaboola miyala pansi. Nyumba inali ya kampani, sitolo ya kampani, chipatala cha kampani. Iwo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi kunagwa sitiraka yaikulu, ogwira ntchito anagonja, ndipo banja lonse linatulutsidwa m'nyumba ndi matiresi pamutu. Ankanena kuti chimene anatengako ku sitiraka imeneyo ndi chimodzi chokha: munthu akakuuza kuti ali kumbali yako, uyambe waona kaye chimene akufuna kuti umunenere.

Anafika ku Tres Pozos atakwatiwa ndi Rigoberto, mmisiri wofolera madenga, munthu wanthabwala amene ankaimba nyimbo za kwawo ku Sonora, kutsidya kwa malire, ali pamwamba pa nyumba za anthu. Mayi Ofelia anayamba n'kuchapa nsalu za pahotela, kenako anapeza ntchito pasitolo yodzaza masilinda a mpweya a anthu owotcherera zitsulo. Anakhala pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, mkazi yekha pakati pa amuna, mpaka khutu lawo linazolowera kumva valavu yodontha ali kuseri kwa khoma. Ine ndinawadziwira kumeneko. Ananditukwana tsiku loyamba chifukwa choimika lole pamwamba pa paipi, ndipo ubwenzi wathu unayambira pamenepo.

Rigoberto anafera padenga mwezi wa Julayi, tsiku limene kutentha kunafika madigiri 116 pa muyeso wathu wa kuno, amene kwina amati 47. Ankapaka phula pasitolo ina yatsopano. Anzake atatsika kukamwa madzi, iye anati atsirize kaye mzere umodzi. Anamupeza atakhala tsonga, atatsamira pachidebe, chipewa chili pamaondo. Mayi Ofelia anali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri. Patangotha miyezi isanu sitolo ya masilinda inagulidwa ndi kampani yaikulu, ndipo ntchito inawathera.

Ndine ndinawauza kuti pa Filiji akufuna munthu wodziwa mavalavu. Woyang'anira wa nthawi imeneyo, mkulu wina wofatsa amene pano nayenso ali m'thanki, anawafunsa ngati amakhulupirira kuti odwalawo adzadzuka. Iwo anayankha kuti ayi. Anati iwo ndi Akatolika, akadzafa adzawaike m'dothi, koma ngati akufuna munthu amene sadzalola thanki kuuma, wafika. Mkuluyo anaseka, nawalemba ntchito tsiku lomwelo.

Ntchitoyo ankaigwira ngati mayi wosamala ana a mnzake. M'mawa uliwonse ankayenda thanki ndi thanki, kukwera makwerero, kumiza ndodo yoyezera, kuona pamene chisanu chalekezera. Mayina a anthu onse ankawadziwa pamtima, ndiponso amene ankagona thanki imodzi ndi ndani. Achibale akabwera ankawatsogolera pathanki yoyenera, n'kuwasiya okha. Panali bambo Alvin Sorensen, amene anapuma pantchito yopereka makalata, ndipo mkazi wawo anali m'thanki ya khumi ndi chimodzi. Sanali olemera ayi. Iwo ndi mkazi wawoyo analipira ndi inshuwalansi imene ankasonkha kuyambira ali achinyamata. Ankabwera kamodzi pamwezi ndi kampando kopinda, n'kumawerengera mkazi wawo nkhani za mpira. Mayi Ofelia ankati zimenezo n'zamisala, koma kofi wa bambo Sorensen ankakhala atamukonzeratu.

Kwa zaka zambiri anthu a m'tauni sankailabadira Filiji. Ana asukulu ankaopsezana nayo, akuluakulu n'kumaiseka pamowa, basi. Zinthu zinasintha chilala chitakhwima. Zitsime za anthu okhala kunja kwa tauni zinayamba kutulutsa matope, kenako mphepo yokhayokha. Mabanja anayamba kutunga madzi ndi migolo kumbuyo kwa magalimoto. Ndiyeno mwezi wa Ogasiti chimphepo chinagwetsa mapolo, magetsi n'kuzima masiku awiri, ndipo kumalo a makalavani, kumene amakhala anthu osauka, mkulu wina anafa ndi kutentha m'kalavani yake. Tsiku lomwelo munthu wina anadutsa pa Filiji, namva jenereta ikulira, najambula pafoni. Jeneretayo inali ya mabelu ochenjeza ndi mababu basi, pakuti matankiwo salumikizidwa ku magetsi. Koma chithunzi chikayamba kuyenda sichidikira womasulira. Pofika Lamlungu aliyense ankadziwa kuti akufa olemera akugona m'chisanu pamene amoyo osauka akupsa.

Nthawi yomweyo n'kuti bungwe litapempha khonsolo chilolezo chomanga chipinda china cha matanki makumi anayi. Ndiye moto unakolera. Pawailesi ya m'tauni anthu ankaimba foni m'mawa wonse. Wina anati Filiji imadya magetsi ngati chipatala. Wina anati ili ndi mjigo wake wachinsinsi wothirira makina. Wina anati utsi woyera umene umatuluka ine ndikamatsitsa katundu ndi poizoni amene akuthamangitsa mitambo. Patsogolo pa otsutsa panali mayi Lorraine Tibbets, mphunzitsi wopuma, munthu woongoka mtima amene chitsime chake chinali chitauma chaka chimenecho, mitengo yake ya zipatso n'kufa yonse. Kumbuyo kwawo kunali khansala Dwight Purcell, wogulitsa malo, amene mwadzidzidzi anayamba kukonda chilengedwe, n'kumajambulitsa atanyamula chikwangwani cholembedwa kuti AMOYO AYAMBE.

Bungwe nalo silinagone. Woyang'anira watsopano, a Gordon Haverkamp, mwamuna wa mano oyera amene anabwera kuchokera kumizinda ya kugombe la nyanja yamchere, anasindikiza timapepala tokhala ndi tsamba lobiriwira. Tinkati Filiji sidya magetsi ngakhale pang'ono, kuti nayitrojeni ndi mpweya womwewu timapumawu ndipo umabwerera kumene unachokera, ndiponso kuti kusungidwa m'chisanu cha thanki ndi njira yaukhondo kuposa kutenthedwa kapena kukwiriridwa. Anthu awo ochokera kutali ankalemba pa intaneti kuti a ku Tres Pozos ndi mbuli zoopa sayansi. Zimenezi zinangothira mafuta pamoto.

Lachiwiri lina, paipi ikuyenda, a Haverkamp anatuluka panja, chinthu chimene sankachita kawirikawiri, nawaitana mayi Ofelia pamthunzi wa lole. Anawauza kuti khonsolo yaitanitsa msonkhano wa anthu onse, ndipo bungwe likufuna kuti iwo akalankhule. Anati iwo ndi munthu wa pompano, anthu amawadziwa, amapemphera nawo. Anawapatsa pepala lotayipa, ndipo mayi Ofelia analiwerenga pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Ndime yomaliza inkanena za Rigoberto. Inkati iwo, monga mkazi amene mwamuna wake anaphedwa ndi kutentha, sakanagwira ntchito pamalo owonjezera kutentha kwa dziko.

"Walemba ndani za mwamuna wangazi?"

"Ndi zongothandiza kuti anthu amve, mayi Bracamonte. Mukhoza kusintha mawu ena."

"Ndipo apa pakuti sitidya magetsi, mukutsimikiza?"

"Onani nokha. Pali thanki imene ili ndi chingwe?"

Mayi Ofelia anapinda pepalalo, naliika m'thumba la ovolosi. A Haverkamp atalowa, mayi Ofelia anandifunsa kuti kodi kufakitale nayitrojeniyu amamukolola m'mitengo. Ndinati ayi. Anati ndiye Loweruka ndiwatenge akaone, chifukwa kandimverere anakanena za m'maluwa.

Tinapita pagalimoto yanga yaing'ono, ulendo wa maola awiri. Anaona nsanja zazitali zoyera, makina akulira usana wonse, ndi zingwe za magetsi zonenepa ngati mkono zikulowa kumpanda. Ndinawapezera katswiri wina wa pamenepo, mayi wachichepere amene ndinkamwa naye kofi, ndipo mayi Ofelia anamufunsa mafunso ola lathunthu. Iwo ankadziwa kuchuluka kwa nayitrojeni amene thanki iliyonse imataya patsiku. Katswiriyo ankadziwa magetsi ofunika kuti mpweya uzizire mpaka usanduke madzi. Anawerengera limodzi kuseri kwa envelopu. Yankho linatuluka lakuti munthu mmodzi wa m'thanki amadya magetsi pafupifupi ngati filiji imodzi ya kukhitchini, osawerengera dizilo wanga.

Pobwerera tinaima panjira kudya menudo, msuzi wa nthumbwana umene ankaukonda wothira tsabola wambiri, ndipo ali pakati pa kudya anaseka okha.

"Ndiye onse akunama, Merle. Awa akuti phiri, awa akuti palibe kanthu. Chikhalirecho ndi chulu."

Ndinawafunsa chimene akanene. Anati ndikamva konko. Ndinawakumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa, kuti akakwiyitsa abwana ndi anthu a m'tauni nthawi imodzi adzasowa pobisala. Anandiyankha kuti mvula yake iti, kuno ku chipululu.

Msonkhano unachitikira muholo ya sukulu, Lachinayi cha m'ma faivi koloko, dzuwa likadali lolusa. Anthu anadzaza mpaka m'mawindo. Aliyense amene analembetsa anapatsidwa mphindi zitatu, ndipo wapampando anali ndi kabelu. Mayi Tibbets anabwera ndi botolo la matope ochokera pampopi wawo, naliika pathebulo la makhansala. Analankhula bwino, mopanda mwano. Anati anaphunzitsa ana zaka makumi atatu kuti chilichonse chamoyo chimabwerera kudothi kuti china chimere, ndipo sakumvetsa kuti anthu ochepa amatenga kuti ufulu wokana kubwerera, n'kusiyira osabadwa ntchito yowaziziritsa. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali. A Haverkamp anaonetsa zithunzi za masamba ndi mitambo, anthu n'kumawakuwiza. Khansala Purcell anadya mphindi khumi, poti iye belu silinkamukhudza.

Dzina la mayi Ofelia litatchulidwa, muholo munamveka kung'ung'udza. Anavala diresi ya kutchalitchi ndi nsapato za kuntchito. Anatulutsa pepala lija, nalikweza m'mwamba.

"Ili andipatsa abwana anga kuti ndikuwerengereni. Likuti pa Filiji sitidya magetsi. Ndi bodza."

Ndinaona a Haverkamp akuvula magalasi. Anthu anayamba kuomba m'manja, koma mayi Ofelia anawaletsa ndi dzanja.

"Dikirani, zanu zikubwera. Inu mukuti timamwa madzi anu. Ndi bodzanso. M'nyumba muja muli chimbudzi chimodzi ndi sinki imodzi, ndipo amene amagwiritsa ntchito ndine. Mjigo wachinsinsi uja ndausaka zaka khumi ndi zinayi ndi tsache m'manja, sindinaupeze. Utsi woyera uja ine ndimaima m'kati mwake sabata iliyonse, ndipo mukuona nokha kuti ndanenepa."

Ena anaseka, ena anafuula kuti akhale pansi. Iwo anafotokoza za ulendo wa kufakitale, za zingwe zonenepa ndi za envelopu. Anati magetsi alipo, kungoti amadyedwa kutali kumene ife sitiona, ndipo munthu aliyense wa m'thanki ali ngati filiji imodzi ya kukhitchini. Anafunsa kuti ndani muholomo alibe filiji, ndipo ndani ali ndi yachiwiri kugalaja yosungira mowa. Palibe anakweza dzanja. Belu linalira.

Apa ndi pamene bambo Sorensen anaimirira kumbuyo, nati analembetsa nambala 22, koma mphindi zawo akuzipereka kwa mayiwa. Wapampando anayang'ana m'buku la malamulo, napeza kuti n'zololedwa. Mayi Ofelia sanatembenuke n'komwe kuti athokoze.

"Tsono chimene abwana anga sakufuna kuti mufunse ndi ichi. Filiji yanu, inu mukafa, ana anu adzaizula kukhoma. Izi sizidzazulidwa. Zaka zana, zaka mazana awiri, lole izibwera sabata iliyonse. Merle uyo wakalamba kale, maondo akulira. Adzabwera ndani pambuyo pake, ndi magetsi a ndani? Mayi Tibbets afunsa funso loona. Ine yankho ndilibe, ndipo tsamba lobiriwira lija si yankho. A Haverkamp ayankhe."

Kenako anatembenukira kuthebulo la makhansala.

"Koma chitsime chanu, mayi Tibbets, sanachimwe anthu anga. Akufa samwa madzi. A Purcell, nyanja ija mwakumba kumalo anu a nyumba zatsopano, ija ili ndi abakha ndi timabwato, pafupi ndi bwalo la gofu, madzi ake amachokera kuti? Amagwa kumwamba kwanu kokha?"

Khansala Purcell anati funsolo silikukhudzana ndi nkhani ya lero. Mwamuna wina kumbuyo anafuula kuti wantchito wa mitembo asatiphunzitse. Mayi Ofelia anamuzindikira ndi mawu, pakuti anali mnzake wa Rigoberto wa padenga.

"Inde, Chuy, ndine wantchito wa mitembo. Ndipo mwa onse amene ndawagwirira ntchito, ndi okhawo amene sanandinamizepo."

Belu linaliranso. Ine ndinali nambala 31. Ndinalembetsa kuti ndikanene zoti utsi uja si poizoni, ndipo sindinaganizepo zopereka mphindi zanga, koma ndinangopezeka ndaimirira n'kuzipereka. Za mphindi zitatuzo mayi Ofelia anagwiritsa ntchito theka la imodzi yokha. Anati pepala la abwana lili ndi dzina la mwamuna wawo, ndipo sabata yomweyo anamva dzina lomwelo pawailesi, m'kamwa mwa otsutsa. Anati Rigoberto anafera padenga chifukwa panalibe mthunzi ndi lamulo loimitsa ntchito kukatentha, ndipo tsiku limenelo sanaone bungwe kapena khansala aliyense. Amene akufuna kumugwiritsa ntchito pokangana za matanki ayambe wakwera padenga mwezi wa Julayi. Atatero anabwerera pampando wawo. Sipanamveke kuomba m'manja. Khonsolo inaimitsa nkhaniyo kaye.

Zotsatira zake zinabwera kuchokera mbali zonse ziwiri. Pachipata cha kunyumba kwawo wina analemba ndi penti yofiira kuti MFITI YA M'FILIJI. Iwo sanafufute. Anati wolembayo ali ndi dzanja labwino, ndipo penti ndi yodula. Kutchalitchi, pa malonda othandiza osauka, matamale awo, mikate ya ufa wa chimanga yokhala ndi nyama mkati, amene chaka chilichonse ankatha pasanathe ola anakhala pathebulo mpaka kuzizira. Anawanyamula onse n'kukagawa kumalo a makalavani. Mng'ono wawo anasiya kuwaimbira foni mpaka Khirisimasi. Pa intaneti, okhulupirira matanki ankawatcha wosakhulupirika amene wapereka odwala m'manja mwa adani.

A Haverkamp sanawachotse ntchito nthawi yomweyo, anali ochenjera. Anadikira miyezi itatu, kenako analengeza kuti bungwe likuika mapaipi odzithira okha ndi makina oyezera, choncho udindo wa wothirira watha. Anawapatsa pepala lina loti asaine, lolonjeza kuti sadzalankhulanso za Filiji pagulu, ndipo akasaina adzatuluka ndi kangachepe. Mayi Ofelia anati mkamwa mwawo simuli valavu. Sanasaine.

Koma masabata awiri omaliza anawagwira mokhulupirika kuposa kale. Mwamuna amene anatumizidwa kudzaika makinawo anamuyendetsa thanki ndi thanki, kumuuza kuti yachisanu ndi chiwiri imataya msanga nyengo yotentha, kuti ya khumi ndi zisanu ndi zinayi chivindikiro chake chimafuna kukankha ndi bondo, kuti makina akanena kuti zonse zili bwino azikwerabe makwerero n'kuona ndi maso. Anamulembetsa zonse m'kabuku. Anamuuzanso za kofi wa bambo Sorensen, wopanda shuga. Tsiku lomaliza ndinawapeza ataima pakati pa matanki akuwerenga kolona. Ndinawaseka kuti kodi akupempherera anthu amene sanafune pemphero. Anati sanawafunse, ndipo akadzadzuka adzadandaule okha.

Patapita mwezi, mayi Tibbets anagogoda pakhomo pawo atanyamula chikwatu cha mapepala. Sanabwere kudzapepesa. Anati akuganizabe kuti Filiji ndi kudzikonda kovala chitsulo, ndipo adzailimbana nayo mpaka imfa. Mayi Ofelia anati palibe vuto, alowe, kunja kukutentha. Mapepalawo anali a zilolezo za mijigo ya m'chigwa chonse. Mayi Tibbets ankadziwa kuwerenga zolemba za boma, mayi Ofelia ankadziwa mapampu ndi mapaipi, ndipo kwa milungu isanu ndi umodzi ankakhala pathebulo la kukhitchini akukangana. Anapeza kuti mjigo wothirira nyanja ya abakha unali wakuya kuposa zitsime zonse zozungulira, ndipo unayamba kupopa chaka chomwe zitsimezo zinayamba kutsika. Anakaziwerenga kukhonsolo, wina mphindi zitatu, mnzake mphindi zitatu. Khansala Purcell anati zonse zinachitika mwalamulo, ndipo ankanena zoona. Nyanjayo ilipobe mpaka lero.

Chilolezo cha Filiji chinatuluka chaka chotsatira, cha matanki makumi awiri m'malo mwa makumi anayi. Khonsolo inalamula kuti bungwe lizilengeza chaka chilichonse nayitrojeni amene lagula ndi magetsi amene anamupanga, ndiponso kuti liike masola padenga la holo imene anthu amathawirako kukatentha. Timapepala ta tsamba lobiriwira tinasowa mwakachetechete. Otsutsa anati apambana, a bungwe nawo anati apambana, ndipo palibe mbali imene inatchula dzina la mayi Ofelia. Ine ndinapuma pantchito chaka chomwecho chifukwa cha maondo.

Iwo sanapume. Anapeza ntchito ya maola ochepa pasitolo ya zitsulo, kumene anthu amabwera kudzafunsa za mapampu n'kutuluka atauzidwa za mijigo. Pamsonkhano uliwonse wa khonsolo amakhala pamzere woyamba, ndipo wapampando akaona nsapato zawo amayandikizitsa belu. Ophunzira a kuyunivesite ina anawaitanapo kuti akakhale pamtsutso wa za matanki ndi chilengedwe, nawafunsa kuti awaike mbali iti ya thebulo, ya ovomereza kapena ya otsutsa. Iwo anati awaikire mpando wawo pakhomo, ndipo mtsutsowo unachitika popanda iwo.

Chaka chatha, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zinayi, anaima nawo pachisankho cha komiti yoyang'anira madzi a m'chigwa. Anali opanda chipani, opanda ofesi. Ine ndinkawayendetsa khomo ndi khomo, mayi Tibbets n'kumalemba makalata kunyuzipepala, oyamba ndi mawu akuti sagwirizana ndi mayiwa pa zinthu zambiri. Anthu ena ankatitsekera zitseko, ena ankatipatsa madzi a mandimu n'kufunsa ngati n'zoona kuti akufa aja amagona mitu pansi. Anagonja ndi mavoti makumi anayi ndi imodzi kwa mlamu wake wa khansala Purcell.

M'mawa wotsatira anandiimbira foni kuti ndibwere ndi galimoto. Ndinkaganiza kuti ndikawapeza atagona, koma ndinawapeza m'mbali mwa msewu akuzula zikwangwani zawo chimodzichimodzi, kuzikutumula fumbi n'kuzisanja bwinobwino. Ndinati tikazitaye kudzala la khonsolo, ndi panjira pomwe.

"Mutaye chiyani, mdala? Dzina ndi lomwelo, nkhope ndi yomweyo. Chaka chokhacho ndiye chalakwika."

Tinadutsira kusitolo ya zitsulo kukagula kachitini ka penti yoyera ndi maburashi awiri. Masana onse tinakhala m'galaja mwawo, chitseko chotsekula, tikufufuta chaka pa zikwangwani zana limodzi ndi makumi awiri, iwo akundikalipira kuti ndikupaka mokhota.